Khasu Kaye, Jezi Pambuyo

Aliyense amene njinga inamuphulikirapo pamsewu wafumbi wodutsa pa Kaphande, m'dera la Mavwere, amawadziwa a Timoteyo Sandalamu. Ndi bambo wamfupi, wotsimphina mwendo wakumanzere, amene amakhala patsinde pa mtengo wa mango ndi beseni la madzi akuda, kufunafuna pamene chubu chabooka. Ntchito ya njinga amaidziwa, koma musalakwitse kuwapatsa yanu dzuwa litapendeka. Nthawi ya mpira ikakwana amatseka bokosi la masipanala, ndipo njinga yanu igona pomwepo matayala m'mwamba mpaka mawa. Anthu anadandaula mpaka kutopa, masiku ano amangobwera m'mawa.

Mwendowo unawonongekera pampira pomwepo. Ali mnyamata ankasewera kumbuyo m'timu ya pa esiteti ina ya fodya kumene bambo awo anali tenanti, ndipo amene anawaona amati wosewera wakutsogolo akamayandikira a Timoteyo ankayamba wapemphera. Bondo litaguluka anabwerera kumudzi kwa amayi awo, n'kukwatira a Malita, n'kuyamba kumata machubu. Koma mpira sunawachoke m'mutu. Akaona ana akuthamangitsa chikulunga, ankasiya njinga ya munthu pakati pa ntchito n'kukawakalipira kuti mpira samenyera kunsonga ya chala. Anawo, m'malo mothawa, anayamba kuwatsatira, ndipo timu ya Mavu inabadwa chotero.

Chovuta chinali makolo. Kuno mwana wamwamuna akangotha kunyamula khasu ndiye kuti banja lapeza wantchito, ndipo palibe mayi amene ankamvetsa chifukwa chimene mwana wake azikathera mphamvu pa chinthu chosadyedwa. A Timoteyo anayenda nyumba ndi nyumba, kukanidwa ponseponse, mpaka anakumbukira dima, mwambo wakale wolimirana, pamene anthu amasonkhana kumunda kwa mnzawo, mwini munda n'kuwaphikira thobwa. Anawalonjeza makolowo kuti nyengo yolima ikafika, Loweruka lililonse m'mawa timu yonse izipita kumunda kwa kholo la wosewera mmodzi, mosinthana, kaya ndi kuunga mizere, kupalira kapena kubandira. Makolo atapenya anyamata khumi ndi kuposera akumaliza m'mawa umodzi ntchito ya sabata yathunthu, anayamba okha kuthamangitsa ana awo kuti asachedwe kubwalo.

Lamulo la timu linali limodzi lokha, ndipo ngakhale ana a m'kalasi yoyamba ankaliloweza: khasu kaye, jezi pambuyo. Wojomba ku dima Loweruka, kaya akhale katswiri wotani, Lamlungu ankaonera mpira ali kunja. Majeziwo anali a pakaunjika, achikasu onse koma chikasu chake chosagwirizana, ena olembedwa mayina a anthu a kutali amene sanamvepo za Mchinji. Komabe mnyamata akalivala ankayenda ngati mwini mudzi.

Tsono tinene zoona, Mavu sankaluma kwenikweni. Chaka ndi chaka ankalowa mpikisano wa chikho cha amalonda a m'derali, chaka ndi chaka ankatuluka msanga. Mnyamata akangopsa bwino, wafika poti n'kudalirika, umamva kuti wakwatira, kapena wapita ku Boma kukapalasa kabaza, kapena wawoloka malire kukasaka ganyu ku Chipata. A Timoteyo ankayambanso ndi tiana tina. Pagulu ankanena kuti chikho alibe nacho ntchito, iwo akuumba anthu. A Malita okha ndiwo ankadziwa kuti ndi bodza, chifukwa timu ikagonja bamboyo ankabwera kunyumba osalankhula, chakudya n'kungochiyang'ana.

Mwa ana onse amene anadutsa m'manja mwawo, amene anawakhala pamtima ndi Lonjezo, mwana wa mai Esitele, mayi wamasiye wa kumunsi kwa mudzi. Anabwera ali kamwana kowonda, kosathamanga, ndipo a Timoteyo anakaika pagolo chifukwa kunalibe kwina kokaika. Pofuna kukachotsa mantha, a Timoteyo ankakaponyera mango aawisi kuchokera pamalo awo antchito, kamwanako kakuwakha, mpaka eni njinga ankaiwala kuti akuchedwa. Lonjezo anakula n'kutalika kuposa mphunzitsi wake, manja ngati mafosholo, ndipo ku dima sanajombepo. Anzake atabalalika iye anatsala. Akanakhala wina akanapita kale kutauni, koma iye ankati adzachoka Mavu akadzatenga chikho.

Ndiye kunabwera chaka chija mtedza unachita bwino. A Gerald, mwana wa m'mudzi momwemo amene amagula mtedza ndi soya pasikelo n'kumatumiza ku Lilongwe, zinawayendera kwambiri, ndipo mtima wawo si wouma. Anagulira timu majezi atsopano ofanana, nsapato za mpira ndi maukonde a pagolo, zinthu zimene Mavu ankangoziona kwa anzawo. A Timoteyo anathokoza mpaka mawu kuwathera. Atatha kuthokoza m'pamene a Gerald anatulutsa mfundo yawo. Anati ku Lilongwe akudziwa anyamata angapo amene matimu awo awasiya, ongokhala, ndipo atha kuwabweretsa kuti adzasewere nyengo ya chikho yokha.

A Timoteyo anayesa kukana. Anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, anati ana a pakhomo adzamva bwanji. A Gerald anawamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa funso limodzi.

"A Kochi, ine ndinasewerapo m'manja mwanu, lero ndili ndi imvi. Zaka zonsezi mwakhala mukuphunzitsa ana. Chikho chili kuti?"

Funsolo linalasa pabala. A Timoteyo anafunsa ngati alendowo adzagwire khasu, ndipo a Gerald anaseka, amvekere ino ndi nyengo yachilimwe, mtedza wakumbidwa, chimanga chili m'nkhokwe, alima chiyani? Zinali zoona. Lamulo silinathyoledwe, linangopezeka kuti lilibe pogwira. A Timoteyo anagwiritsitsa chifukwa chimenecho ndi manja awiri, pakuti mumtima mwawo chikhocho ankachifuna kuposa a Gerald.

Alendowo anatsika pa minibasi ndi zikwama zakumsana, timawaya tili m'makutu. Mudzi unkayembekezera kuti akhala onyada ndi aulesi, koma anakhumudwitsa amiseche, chifukwa mpira ankautha. Ankapatsirana osayang'anana, ankadziwa poima mpira usanafike. Pakati pawo panali goloboyi, dzina lake Temwani, mnyamata wofatsa wokulira ku Chinsapo, amene ankauluka pagolo ngati alibe mafupa. A Timoteyo atamuona tsiku loyamba anasangalala, kenaka anachita mantha ndi chisangalalo chawocho, chifukwa Lonjezo anali ataima pambali pawo.

Masewero oyamba Lonjezo anakhala pabenchi. A Timoteyo anamuuza kuti akungomuyesa mlendoyo, Lamlungu linalo alowa. Lamlungu linalo linafika, timu yokumana nayo inali yoopsa, ndiye anamuuza kuti adikire linalo. Mavu ankangopambana. Anthu ochokera midzi yakutali anayamba kubwera kudzaonera, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe anapeza msika, ndipo amene kale ankawaseka a Timoteyo tsopano ankawapatsa moni akadali patali. Anyamata a pamudzi amene analandidwa malo ankabwerabe, kuvala nsapato zatsopano n'kukhala pabenchi, madzulo n'kuzivula zili zoyera. Kenaka anayamba kuchepa mmodzimmodzi. A Timoteyo ankaona, koma ankadziuza kuti chikho chikabwera onse aiwala.

Lonjezo sanasiye. Ankafika woyamba, kumangirira maukonde, kumuponyera Temwani mipira yokonzekera. Madzulo ena anawatsatira a Timoteyo panjira n'kuwapempha chinthu chimodzi, kuti ngati timu ifike ndime yomaliza amulole aime pagolo ngakhale chigawo chimodzi, amayi ake adzamuone. A Timoteyo anavomera. Anavomera ndi mtima wonse, chifukwa tsikulo linali lidakali kutali.

Tsikulo litafika, bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Mai Esitele, amene chibadwire anali asanaonerepo mpira, anabwera atavala chitenje cha kutchalitchi n'kukhala kuseri kwa golo. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Popuma Lonjezo anaimirira, n'kuyamba kuvala magolovesi, maso ali pa mphunzitsi wake. A Timoteyo analankhula za kumbuyo, analankhula za kutsogolo, anakalipira wina chifukwa chosabwerera msanga, maso ali pansi, mpaka wezulo inalira. Temwani anabwerera pagolo. Masewero anathera kumapenate, Temwani anagwira awiri, ndipo Mavu anatenga chikho.

A Timoteyo anasangalala, tisawanamizire. Ananyamulidwa m'mwamba, analira misozi pagulu, anapsompsona chikhocho. Koma ali m'mwambamo anayang'ana amene awanyamula, n'kupeza kuti ambiri ndi anthu amene sadziwa ngakhale mayina a makolo awo. Atatsitsidwa anapita kubenchi. Jezi ya Lonjezo inali pamenepo, yopindidwa bwino, magolovesi ali pamwamba pake, ndipo kuseri kwa golo mai Esitele kunalibe.

M'sabata yomweyo alendo aja anakwera minibasi kubwerera kwawo, monga momwe anapanganirana. Palibe anaba, palibe ananama, anagwira ntchito imene anaitanidwira. Chikho chinakakhala m'sitolo ya a Gerald pakati pa shuga ndi sopo, ndipo a Gerald analonjeza kuti chaka chamawa abweretsa ena oposa awa. Lolemba a Timoteyo anatseka bokosi lawo nthawi yake, n'kupita kubwalo ndi mpira kukhwapa. Anapezako mbuzi. Anadikira mpaka dzuwa kulowa, mawa lakenso chimodzimodzi, ndipo sabata inatha chotero.

Anayendanso nyumba ndi nyumba ngati kale. Makolo ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, kuwayamikira za chikho, koma akafunsa za mwana ankangomva kuti watuluka pang'ono. Koma kwa mai Esitele sanapiteko. Anayamba kuona kuti ntchito ya moyo wawo wonse yatha, ndipo yathera m'manja mwawo momwe, chaka chimene anapambana. A Malita sanawanyoze, ngakhale mpata unalipo. Anangoti walira mvula walira matope, kenaka anawakumbutsa kuti mwezi wa Okutobala wafika, anthu ayamba kuunga mizere, ndipo mwa chizolowezi dima limayambira kumunda kwa amene alibe mwamuna pakhomo.

Lachisanu madzulo, ali okha kubwalo, anaona munthu akubwera atanyamula nsapato m'manja. Anali Temwani. Iye sanapite ndi anzake, chifukwa ku Lilongwe kunalibe timu yomudikira, ndipo a Gerald anamupatsa ntchito yonyamula matumba pasikelo. Anafunsa kumene kuli anthu. A Timoteyo analibe wina womuuza, choncho anamuuza mlendoyo zonse, za dima, za lamulo, za lonjezo limene anaphwanya. Anatinso mawa apita okha kumunda kwa mai Esitele, chifukwa timu inalonjeza ndipo pakadali pano timu ndi iwowo. Temwani atamva zonsezo anafunsa ngati angabwereke khasu.

Anafika kumundako dzuwa lisanatenthe. Munda wa mai Esitele ndi wotsetsereka, umathera kudambo. Mayiwo anali kale pantchito ndi mwana wawo. Anapereka moni monga mwa mwambo, osachotsa osawonjezera, kenaka anayang'ana Temwani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye timu yanu yatsopano ndi imeneyi, a Kochi? Thobwa sindinaphike, sindimayembekezera munthu."

A Timoteyo anati sanabwerere thobwa. Lonjezo sanadzutse mutu, anangonyamula khasu lake n'kupita kumapeto ena a munda. A Timoteyo anayamba mzere wawo, bondo likudandaula, ndipo Temwani anayamba wake pambali.

Abale, munthu wosalimapo amaonekera pa khasu loyamba. Kuno mwana aliyense amadziwa kuti mzere watsopano umaungidwa pakati pa mizere yakale, pamene agonekapo mapesi, ndipo dothi lake umatenga pong'amba mzere wakalewo. Amadziwanso kuti pamalo otsetsereka mzere umapingasa, kuti madzi a mvula aime. Temwani anaona milu yakale n'kuganiza kuti ntchito ndi kuikweza, ndiye anayamba kuunjika dothi pamwamba pake. Atauzidwa, anasintha, koma poti ankalima ndi mphamvu zonse maso ali pakhasu, mzere wake unakhota pang'onopang'ono mpaka unalunjika kudambo. Mvula yoyamba ikanangogwa, dothi lonse la mai Esitele likanatsetsereka mumsewu umene anawakonzerawo.

Njira ya kuminda ina imadutsa m'mphepete mwa munda umenewu. Anyamata a Mavu amene ankapita kuminda ya makolo awo anaima kuti aone zodabwitsazo, ngwazi ya chikho ikulimbana ndi khasu. Mmodzi anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wina. Anakhala pachulu n'kumachemerera ngati ali kubwalo, wina akuulutsa ngati wa pawailesi kuti mzere wadutsa otchinga kumbuyo onse, tsopano ukupita kukamwa madzi. Temwani ankamva, makutu akutentha, koma sanasiye. A Timoteyo nawonso sanadzutse mutu, chifukwa ankaopa kuti akangolankhula anyamatawo abalalika.

Amene analephera kupirira ndi Lonjezo. Munthu ungamukwiyire bwanji, sungaonerere akuwononga munda wa amayi ako. Anabwera mofulumira, n'kumulanda Temwani khasu, n'kufafaniza mzere wonsewo. Pobweza khasulo anaona zikhatho za mnzakeyo zitatuluka matuza, ena ataphulika kale.

"Manja ake ndi amenewa anandilanda malo?"

"Ndi omwewa," anayankha Temwani. "Sindinkadziwa kuti malowo amalipirira kuno."

Lonjezo anamupatsa khasulo. Anamuonetsa poika mapazi, anamuuza kuti asalimbane ndi khasu koma alisiye ligwe lokha, ndipo anayamba mzere pambali pake kuti azimutsatira. Apo anyamata a pachulu aja anaona kuti sewero latha, ndipo kukhala pansi mnzako akulima munda wa amayi ake ndi manyazi. Anatsika mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti akufuna kumuonetsa wa m'tauniyo kalimidwe. Dzuwa lisanafike pamutu munda unali utatha. Mai Esitele anabweretsa madzi m'ndowa, n'kudandaula kuti anthu obwera osanena amachititsa munthu manyazi.

Onse atakhala pamthunzi, a Timoteyo anaimirira. Anali atakonza mawu ambiri panjira, koma anatuluka ochepa. Anati analakwira timu, analakwira makolo, ndipo koposa onse analakwira Lonjezo pamaso pa amayi ake. Anati madzulo akhala ali kubwalo, ndipo amene sabwera sadzamuimba mlandu. Anyamatawo anatola makasu awo n'kumapita, Lonjezo osawayang'ana n'komwe.

Madzulo amenewo a Timoteyo anafika kubwalo msanga kuposa masiku onse, n'kuthamangitsa mbuzi. Temwani anabwera, zikhatho atazikulunga nsanza. Kenaka kunatulukira awiri, kenaka gulu, ena ndi nsapato za a Gerald, ena opanda. Anayamba kupatsirana mpira mwaulesi, koma aliyense ankangocheukira njira ya kumunsi kwa mudzi, chifukwa onse ankadziwa kuti ngati mmodzi uja sabwera, kubwera kwawoku sikukhalitsa.

Lonjezo anafika dzuwa litafiira. Sanalowe m'bwalo. Anaima pamzere, manja m'thumba, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"A Kochi, mawa tili ndi masewero ndi a ku Dambe. Pagolo pakhala ndani?"

"Iwe."

"Temwani amandiposa. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa."

"Ndikudziwa. Pakhala iwe."

"Nanga tikagonja?"

"Tikagonja tagonja. Lamlungu linalo ukhalaponso, ndipo a Gerald ndikawauza ndekha."

Lonjezo anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyesa mlatho asanapondepo. Kenaka anatulutsa manja m'thumba n'kulowa m'bwalo. Temwani anamuponyera magolovesi, iye anawakha osayang'ana, n'kupita kukaima pagolo pake.

A Timoteyo anaika wezulo pakamwa, koma sanailize. Anali ataphunzitsa ana ambiri kugwa ndi kudzuka, koma sanaganizepo kuti tsiku lina anawo ndi amene adzawadzutse iwo. Anathokoza mumtima, anathokoza mwana wamasiye amene anali ndi chifukwa chokwanira chosabwereranso, anathokoza ngakhale mlendo wosadziwa kulima uja. Anatembenuka ngati akuyang'ana mbuzi, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Kumbuyo kwawo anamva Lonjezo akukalipira otchinga kumbuyo kuti aime bwino, ndipo anyamatawo anayamba masewero osadikira wezulo.